Mphika wa Chi-Chi ndi ngongole ya Vegeta: mmene adani amasandukira abale mu Dragon Ball Z: Kakarot

Gemu ya Dragon Ball Z: Kakarot ndi ya ndewu, zimenezo palibe angatsutse. Anthu amaponyerana moto wogumula mapiri, mapulaneti amaphulika, ndipo pafupifupi aliyense wofunika m'nkhaniyi amafa kamodzi kapena kawiri. Koma ola loyamba la gemuyi lili ndi ntchito ina. Ukangomaliza kandewu kakafupi kophunzirirapo mabatani, umapezeka uli m'nkhalango, ndiwe Goku, ndipo pambuyo pako pakubwera kamwana ka zaka 4, kamantha komanso kosachedwa kulira, mwana wako Gohan. Kakatopa umakanyamula. Mumatola maapozi, mumakawedza chinsomba chachikulu kuposa munthu, mumachiwotcha pamoto, kenako n'kubwerera kunyumba kumene Chi-Chi, mkazi wa Goku, akudikira. Ena amene adaisewera amadandaula kuti zoterezi zimangochedwetsa nkhonya. Ine ndimati mtima wa gemuyi uli pamenepo.

Adaipanga ndi a kampani ya CyberConnect2 ya mumzinda wa Fukuoka ku Japan, ndipo a Bandai Namco adaitulutsa mu Januwale 2020 pa PlayStation 4, Xbox One ndi pakompyuta. Pa Nintendo Switch idafika mu 2021, pa PlayStation 5 mu 2023. Nkhani yake si yachilendo. Akira Toriyama adayamba kujambula Dragon Ball mu 1984 m'magazini ya Weekly Shōnen Jump n'kumaliza mu 1995 atadzaza mabuku 42, ndipo katuni ya pa TV ya Dragon Ball Z, ya zigawo 291, idayenda kuchokera mu 1989 mpaka 1996. Magemu ochokera pankhaniyi alipo ambirimbiri, koma ochuluka amangotenga ndewu zikuluzikulu n'kuzindandalika: menya Raditz, menya Vegeta, menya Frieza, menya Cell, menya Buu, basi zatha. Zimene zimachitika anthu akavula zankhondo n'kukhala pansi amazidumpha. Kakarot idabwezeretsa zodumphidwazo.

Popanda zodumphidwazo pali funso limene limasowa yankho. Anzake ambiri a Goku adayamba ali adani ake. Yamcha anali wachifwamba wa m'chipululu. Tien ankaphunzira kuti adzakhale wakupha anthu molipidwa. Piccolo adabadwira kudzapha Goku. Vegeta adabwera kudzaseseratu anthu padziko lapansi. Android 18, mtsikana woikidwa makina m'thupi, adapangidwira ntchito yomweyo yopha Goku, ndipo Buu ankasandutsa anthu a mzinda wathunthu masuwiti n'kuwadya. Zidatheka bwanji kuti onsewa adzakhale pa tebulo limodzi? Ndikaona bwinobwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene adasintha chifukwa chomenyedwa. Kumenyedwa kumangomuimitsa munthu. Chimene chidawasintha ndi kupezeka ali ndi wina m'manja woti amusamale, kenako n'kuzolowera.

Khalidwe limeneli la nkhani lili ndi kumene lidachokera. Toriyama adamanga chiyambi cha Dragon Ball pa nthano yakale ya ku China ya Sun Wukong, mfumu ya anyani, imene idalembedwa m'zaka za m'ma 1500. M'nthano imeneyo zilombo zina zotchinga njira ya wansembe wachibuda zikagonja zimasanduka ophunzira ake n'kumuperekeza paulendo. Palinso chifukwa cha malonda, ndipo si chochititsa manyazi. Magazini yotuluka sabata iliyonse imamvera owerenga, ndiye mdani amene owerenga amukonda sataya wamba. Toriyama yemwe adanenapo kuti Vegeta sankamukonda kwenikweni, koma ankamuthandiza kwambiri poyendetsa nkhani. Komabe kusunga mdani n'kosavuta. Chovuta ndi kumusintha mwakuti woonera akhulupirire, ndipo pamenepa mpamene tiyenera kuyambira pa Piccolo.

Piccolo ndi mwana wa mdani wake

Bambo ake a Piccolo anali mfumu ya ziwanda imene Goku adaipha akadali mnyamata. Ikutsirizika, idalavula dzira n'kuikamo chidani chake chonse, ndipo m'dziramo mudatuluka Piccolo amene timamudziwayu. Alibe mayi, alibe mudzi, alibe mnzake. Ali ndi ntchito imodzi yokha, yolipsira imfa ya bambo ake. Adakumana ndi Goku pa mpikisano wa 23 wa akatswiri a ndewu, umene gemuyi idauwonjezera ngati gawo lapadera mu Ogasiti 2023. Goku adapambana movutikira, thupi lonse lili mabala, koma m'malo momumaliza adamudyetsa nyemba ya senzu, yochiritsa nthawi yomweyo. Zifukwa zinali ziwiri. Moyo wa Piccolo ndi womangika ku moyo wa Kami, mlonda wa dziko, moti wina akafa winayo amafanso, ndipo mipira 7 ya chinjoka, yomwe imapatsa munthu chimene wapempha, imasanduka miyala. Chifukwa china n'chakuti Goku safuna kutaya munthu wamphamvu womenyana naye. Chifundo cha Goku nthawi zonse chimakhala ndi kadyera kameneka, ndipo nkhaniyi sibisa.

Chifundocho sichidamusinthe Piccolo. Adachoka akulumbira kuti adzabweranso. Patatha zaka 5 kudafika Raditz, mchimwene wake wa Goku wa bere limodzi, amene kwa Gohan ndi bambo wamkulu. Akulu amati chibale n'fupa sichiola, koma bambo wamkuluyu adangofikira kuba mwana n'kuuza mng'ono wake kuti aphe anthu 100 ngati akumufunabe. Goku ndi Piccolo adagwirizana kwa tsiku limodzi chabe, ndipo ndewuyo idatha Goku atamugwira Raditz chakumbuyo kuti mphezi ya Piccolo iwaboole onse awiri. Piccolo adapha Goku monga ankafunira, koma m'njira imene sidamupatse chimwemwe chilichonse.

Tsono apa tisanamizane. Piccolo sadatenge Gohan chifukwa chomvera chisoni mwana wamasiye. Adamulanda. Anali ataona mphamvu yobisika mwa mwanayo, ndipo podziwa kuti ma Saiyan ena awiri, ankhondo a mtundu wa Goku ndi Raditz ochokera ku pulaneti ina, afika pakatha chaka, ankafuna chida. Adakamutaya m'chipululu cha zilombo n'kumuuza kuti akakhala moyo miyezi 6 ndiye amuphunzitsa. Imeneyi ndi nkhanza, ndipo mwana wa zaka 4 sayenera kuchitidwa zotere ndi aliyense. Koma taonani zimene zimachitika usiku. Mwana uja wakakamira pamwamba pa thanthwe, njala yamupha, akulira, ndipo mwadzidzidzi pambali pake papezeka maapozi. Mwezi wathunthu utamusandutsa chinyani chachikulu, Piccolo amaphwanya mweziwo, n'kumusiyira zovala ndi lupanga ali mtulo. Amadziuza kuti akungosamala chida chake. Mwana sadziwa za mfumu ya ziwanda, sadziwa za chidani cha makolo. Iye amangoona munthu wamkulu wokhala naye pamoto, ndiye amamulankhula mwaulemu, amamufunsa mafunso, amamuuza kuti si woipa monga anthu amanenera.

M'gemumu nthawi imeneyi umaisewera mbali zonse ziwiri. Umakhala Gohan, n'kumasaka chakudya wekha. Umakhalanso Piccolo, n'kumalimbana ndi chinyani chija pamene ukudziwa kuti mkati mwake muli mwana. Ndiye tsiku la Nappa, mmodzi wa ma Saiyan awiri aja, likafika, chimphonacho chitaponya moto woti umalize Gohan, Piccolo n'kudziponya kutsogolo kwake, sukhala ngati ukuonera nkhani ya eni. Iye yemwe amadabwa ndi zimene thupi lake lachita. Akufa, misozi ili m'maso, amauza mwanayo kuti ndi iye yekha amene adamulankhulapo ngati munthu, ndipo miyezi imene adakhala limodzi sinali yoipa. Pamenepa ine mtima umandiwawa nthawi iliyonse, ngakhale ndikudziwa kuti mipira ya chinjoka ya ku pulaneti ina, ya Namek, idzamudzutsa.

Atadzuka sabwereranso ku zakale. Kwathu kuno tikadati wasanduka malume wolera, uja amene sanena zambiri koma amadziwa pamene mwana wadwala. Patsogolo, asanakamenyane ndi chilombo chotchedwa Cell, Gohan amapempha kuti avale zovala zofanana ndi za Piccolo, osati za bambo ake. Ndipo pa ndewuyo, Goku atakankhira mwana wake wosafika n'zaka 12 zomwe kutsogolo kwa chilombo, n'kupatsanso chilombocho nyemba ya senzu kuti ndewu ikhale yachilungamo, amene amamudzudzula pamaso ndi Piccolo. Amamuuza kuti mwanayo sakuganiza za ukatswiri ayi, akudzifunsa ngati bambo ake amakonda ndewu kuposa moyo wake. Munthu wobadwira kupha Goku ndi amene akumuphunzitsa ubambo.

Zimene gemu imachita zomwe TV singathe

Pakati pa nkhondo ndi nkhondo, Kakarot imakumasula kuti uziyenda kumene ukufuna. Ukhoza kuuluka kupita kunyumba ya Goku ku phiri la Paozu, ku Capsule Corporation kwa Bulma, mayi wopangapanga zinthu yemwe ndi mnzake wakale wa Goku, kapena ku kachilumba ka Master Roshi. Chakudya chimagwira ntchito yeniyeni. Nyama yowotcha pamoto kutchire imakupatsa mphamvu pang'ono, koma ukasonkhanitsa nsomba, nyama, zipatso ndi zina zofunika n'kukapereka kwa Chi-Chi, amakuphikira phwando la mbale zambirimbiri limene limakweza mphamvu zako kwambiri, zina mwa izo mpaka kalekale. Zotsatira zake n'zakuti wosewera wanzeru amapita kunyumba asanapite kunkhondo. M'katuni anthu ambiri ankamuona Chi-Chi ngati mayi wolongolola woletsa mwana kumenyana. Ukamudalira pa mphika maola ambiri, umayamba kumva mbali yake: mwamuna wake adafa, mwana wake wa zaka 4 adasowa chaka chathunthu, ndipo iye chimene akupempha n'chakuti mwanayo aphunzire sukulu. Walakwa pati?

Palinso chimene amachitcha Community Board. Munthu aliyense amene wakumana naye n'kugwirizana naye amakupatsa chizindikiro chokhala ndi nkhope yake, ndipo zizindikirozo umaziyala pa matabwa 7, lililonse lili ndi mtsogoleri wake: la ankhondo ndi la Goku, la zophika ndi la Chi-Chi, la zopangapanga ndi la Bulma, choncho. Ukaika pafupi anthu amene ali ndi ubale m'nkhaniyi, monga Gohan ndi Piccolo, umapeza mphamvu yowonjezera ndipo umawamva akulankhulana mawu angapo. Ukawapatsa mphatso, ubwenzi umakula. Kunena zoona, matabwa amenewa amasokoneza poyamba ndipo ambiri amangowadzaza mwachisawawa. Koma lamulo lake ndi lomwe lija la nkhani yonse: mphamvu ya munthu imadalira amene wakhala naye pafupi.

Opanga gemuyi adasunganso kankhani koseketsa ka m'katuni kamene magemu ena sakanakaganizira n'komwe. Kwatsala zaka zochepa kuti ma Android afike kudzawononga dziko, koma Chi-Chi watopa kuyenda pansi ndi katundu wa kumsika, ndiye akulamula Goku ndi Piccolo kuti akapeze laisensi yoyendetsera galimoto. Anthu awiri otha kuuluka akupita kusukulu ya madalaivala. Ena amaona ngati nthabwala chabe. Koma munthu amene mayi wa pakhomo angamutume, iye n'kupita ngakhale akung'ung'udza, ameneyo walowa m'banja. Palibe mwambo wokhululukirana umene udachitika. Tsiku lina zidangopezeka kuti Piccolo ndi wa pakhomo.

Vegeta: ulendo wautali, ndi ngongole yosatha

Za Vegeta n'zolemera kuposa za Piccolo, chifukwa manja ake ali ndi magazi ochuluka. Ndi mwana wa mfumu ya ma Saiyan, adakula akugwirira mfumu yankhanza Frieza ntchito yolanda mapulaneti, eni ake n'kuwapha. Atafika padziko lapansi adapha mnzake Nappa chifukwa chakuti wagonja. Atagonja iyeyo, Krillin, mnzake wa Goku, lupanga lili m'manja, Goku adachonderera kuti amusiye apite. Apanso chifukwa chake sichinali choyera: ankafuna adzamenyane nayenso. Vegeta sadathokoze. Adapita ku pulaneti ya Namek n'kukapha mudzi wathunthu wa anthu osalakwa kuti alande mpira umodzi wa chinjoka.

Gemuyi ili ndi kulimba mtima kokupatsa Vegeta m'manja akadali woipa. Ku Namek umamenya Cui, Dodoria ndi Zarbon uli iyeyo, ndipo umamva kukoma kwa matama ake. Kenako Frieza amamuphwanyiratu. Akufa, kalonga wodzikuza uja amalira pamaso pa Goku, n'kumuuza kuti Frieza ndi amene adapha mtundu wawo wonse atautumikira mokhulupirika. Misozi imeneyi si kulapa ayi. Akulirira ulemu wake ndi mtundu wake, osati anthu amene adawapha. Koma ndi koyamba kuti apemphe kanthu kwa munthu wina.

Adadzutsidwa mwangozi, pempho la kwa chinjoka litamukokera limodzi ndi ena. Analibe kopita, ndiye Bulma adamupatsa malo kunyumba kwake. Adabereka naye mwana, Trunks, koma ubambo sadaufune. Dr. Gero, wopanga ma Android, ataphulitsa ndege imene munali Bulma ndi khandalo, Vegeta sadasunthe n'komwe. Adawapulumutsa ndi Trunks wamkulu, amene adachokera m'tsogolo kudzachenjeza anthu za ma Android, mnyamata amene adakula wopanda bambo ndipo ankalakalaka kumuona. Chimene adapeza ndi munthu womunyoza. Choipitsitsa, Vegeta adalola dala kuti Cell ameze Android 18 n'kufika pa mphamvu zake zonse, kungoti apeze mdani womuyenera. Anthu ambiri adavutika chifukwa cha matama amenewo.

Mng'alu woyamba umaoneka Cell atapha Trunks wamkulu uja. Vegeta amapenga ndi ukali, amathamangira chilombo chimene akudziwa kuti sangachithe, ndipo Gohan amavulala dzanja pomuteteza. Pamenepo pamatuluka mawu amene palibe adawamvapo pakamwa pake: amapepesa kwa mwana wa mdani wake. Kenako pamene Gohan akukankhana moto ndi Cell ndi dzanja limodzi, mzimu wa bambo ake, amene adafera pa ndewu yomweyo, ukumulimbikitsa, Vegeta ndi amene amamenya Cell chakumbali n'kumusokoneza pa kamphindi kamene kankafunika.

Wolemba wina akadathera pomwepo. Chimene ndimalemekezera nkhaniyi n'chakuti imalola munthu kubwerera m'mbuyo. Patatha zaka 7 za mtendere, Vegeta amadzipereka dala kwa mfiti Babidi kuti imulowe m'mutu, amapha anthu ambirimbiri oonerera mpikisano pofuna kukakamiza Goku, amene wabwerako kwa akufa kwa tsiku limodzi, kumenyana naye, ndipo ndewu yawo ndi imene imadzutsa Buu. Ali mkati momenyana amaulula chimene chikumudya. Adapezeka ali ndi banja, sadadane nazo, dziko lapansi lidayamba kumukomera, ndipo zimenezo zidamuopsa. Ankafuna wina amubwezere kuuma mtima kwake kwakale. Aliyense amene adaonapo munthu akusiya khalidwe loipa n'kulibwereranso pamene zinthu zayamba kumuyendera bwino azindikira zimenezi. Nthawi zina munthu amaopa kukhala wabwino chifukwa sadzidziwanso kuti ndi ndani.

Ufiti wa Babidi sudathe kuchotsa chimene chinali chitamera kale. Ataona kuti Buu wadzuka chifukwa cha iye, Vegeta amapita yekha, ndipo m'gemumu ndewu imeneyo umaimenya ndiwe, ukudziwa kuti supambana. Kenako amaitana Trunks wamng'ono, wa zaka 8, n'kumuuza kuti chibadwire sadamukumbatirepo. Amamukumbatira, mwana akuchita manyazi, amamuuza kuti asamale amayi ake, kenako amamukomola pamodzi ndi Goten, mwana wachiwiri wa Goku, kuti Piccolo awachotsepo. Asanadziphulitse amafunsa Piccolo ngati akaonane ndi Goku kumalo a akufa. Piccolo samunyengerera. Amamuuza kuti ayi, wapha anthu osalakwa ochuluka, thupi lake lidzatayika, mzimu wake udzatsukidwa n'kuiwala zonse. Vegeta amamva zimenezo ndipo amapitirizabe. Kwa ine chiwombolo chake chili pamenepa, pochita chabwino atauzidwa kale kuti palibe mphotho. Ndipo nsembeyo sidaphe n'komwe Buu.

Kumapeto, pomenyana ndi Buu wotsiriza, Vegeta ndi amene amakonza mawu a pempho la kwa chinjoka cha ku Namek: adzuke onse amene adafa chifikire Babidi, kupatula oipitsitsa. Sadadziwerengere. Koma mkombero wa akufa pamutu pake umazimirira, kusonyeza kuti chinjoka sichidamuike m'gulu la oipawo. Ndi iyenso amene amati anthu a padziko adzipulumutse okha popereka mphamvu zawo, ndipo amavomera mumtima kuti Goku ndi womuposa.

Komabe pali anthu amene nkhaniyi imawaiwala, ndipo ine sindifuna kuwaiwala. Mudzi uja wa ku Namek sudadzutsidwe. Pempho la nthawi imeneyo linali lodzutsa ophedwa ndi Frieza ndi asilikali ake, ndipo Vegeta anali atagalukira kale Frieza, choncho amene adawapha iyeyo adatsala m'manda. Mapulaneti amene adawasesa ali mnyamata nawonso palibe adawalirira. Apa mpamene kukhululuka kwa Dragon Ball kumapepuka. Mipira ya chinjoka imabweza ambiri mwa akufa, ndiye mlandu umaoneka ngati wafufutika, ndipo amene sadabwerere sapatsidwa mpata wolankhula. Nkhani zotsatira za Dragon Ball Super zidayesa kukonza zimenezi pomubweza Vegeta kukateteza anthu a ku Namek akuvomera mlandu wake, koma mu Kakarot yeniyeniyo ngongoleyo imangokhala chete.

Android 18, Buu, ndi amene adakana

Za Android 18 n'zachidule koma zili ndi phunziro la mtundu wina. Krillin anali ndi kachipangizo kotha kumuzimitsa, ali naye pafupi, ndipo adakaponda n'kukaphwanya. Cell atagonja, Krillin adapempha chinjoka kuti chichotse mabomba amene anali m'matupi a 18 ndi mlongo wake 17, osayembekezera kanthu. Zaka 7 zitatha timawapeza ali pabanja, ali ndi mwana wamkazi, Marron. Kuti umve kulemera kwake, sewera gawo lowonjezera la Trunks, lomwe lidatuluka mu Juni 2021. M'tsogolo limenelo Goku adafa ndi matenda a mtima, ndipo 17 ndi 18 omwewo adapha pafupifupi ankhondo onse n'kumaseweretsa anthu otsala. Gohan, wamkulu tsopano, wa dzanja limodzi, ndi amene amalera ndi kuphunzitsa Trunks, monga mmene Piccolo adachitira ndi iyeyo. Tsiku lomaliza amamukomola kuti asamutsatire, n'kupita kukafa yekha, ndipo Trunks amapeza mtembo wake mvula ikugwa. N'zimene Vegeta adadzachitanso kwa Trunks wamng'ono. M'nkhaniyi akuluakulu akamatsanzika, amayamba agoneka mwana.

Buu wonenepa adasinthidwa ndi munthu amene palibe akadamuganizira, Mr. Satan, wamantha komanso wabodza amene adaba ulemu wogonjetsa Cell. Adapita kwa Buu ndi chokoleti chapoizoni ndi bomba, zonse n'kulephera, ndiye adangokhala wantchito wake womuphikira. Buu adatola kagalu kovulala, adakachiritsa, kagaluko n'kuyamba kumukonda. Mr. Satan adamufunsa chifukwa chimene amaphera anthu, ndipo zidapezeka kuti palibe adamuuzapo kuti n'kulakwa. Adalonjeza kusiya. Amene adawononga mtenderewo ndi anthu wamba awiri a mfuti, amene adawombera kagaluko, kenako Mr. Satan, mpaka ukali wa Buu udatuluka n'kukhala chilombo china pachokha. Ankhondo onse amphamvu adalephera kuimitsa Buu, koma munthu wophika ndi kagalu adatha, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Nkhondo itatha, Mr. Satan adachonderera kuti Buu wonenepayo asaphedwe n'kumutenga kukakhala naye, ndipo kenako Goku ndi anzake adapempha chinjoka kuti anthu aiwale zimene Buu adachita. Apanso ndimaona kupepuka kuja: ochimwiridwa sadafunsidwe ngati akhululuka, adangoiwalitsidwa.

Sikuti aliyense wopatsidwa mwayi amautenga. Raditz, mchira wake uli m'manja mwa Goku, adalira kuti wasintha, ndipo atangomasulidwa adaponda mng'ono wake pachifuwa. Frieza, atadukaduka ndi chida chake chomwe, adapempha chifundo, Goku n'kumugawira mphamvu kuti athawe, iye n'kugwiritsa ntchito mphamvu yomweyo kumuwombera kumsana. Cell sadayese n'komwe. Atatuwa amafanana pa chinthu chimodzi: palibe amene adamusamalapo kupatula iwo eni. Gemuyi imakulola kupempha chinjoka kuti chidzutse ena mwa adani akalewo kuti umenyane nawonso, koma kudzuka kokha sikumulowetsa munthu m'banja.

Nanga Goku mwiniwake? Nayenso, malinga ndi zimene Raditz adaulula, adabwera padziko ali khanda la mtundu wolanda mapulaneti. Adagwa n'kumenyetsa mutu, ukali wake n'kutha, ndipo adaleredwa ndi nkhalamba ya kuphiri, agogo Gohan, amene mwana wake adamutcha dzina lawo. Nkhalambayo adaipha yekha mosadziwa usiku wina atasanduka chinyani, ndipo adadzazindikira zimenezi ali wamkulu, pomenyana ndi Vegeta. Mwina n'chifukwa chake kupereka mwayi wachiwiri sikumuvuta. M'Chijapani, mawu a Goku, a Gohan, a Goten ndi a Bardock bambo ake a Goku amalankhula ndi mayi mmodzi, Masako Nozawa, wobadwa mu 1936, moti mibadwo itatu ya banjali imamveka ndi liwu limodzi.

Koma Goku si bambo wangwiro, ndipo gemuyi ikamakuonetsa nthawi zokoma za pakhomo imakuonetsanso kuchepa kwake. Masiku otsala asanamenyane ndi Cell amawathera ndi mkazi wake ndi mwana wake, kupuma ndi kuwedza, kenako amafa ndipo amasankha yekha kusadzutsidwa poganiza kuti adani amabwera chifukwa cha iye. Goten amabadwa bambo ake kulibe, n'kudzawaona koyamba ali ndi zaka 7, atabisala kumbuyo kwa amayi ake. Gawo lowonjezera la Goku's Next Journey, limene lidatuluka mu Febuluwale 2024, masiku ochepa Toriyama asanamwalire pa 1 Malichi ali ndi zaka 68, limamuonetsa ali gogo, akucheza ndi mdzukulu wake Pan. Komweko amakumana ndi Uub, mnyamata wa kumudzi wosauka amene ndi Buu woipa uja atabadwanso ali munthu wabwino, monga Goku adapemphera pomupha zaka 10 m'mbuyomo. Amamutenga kuti akamuphunzitse kwawo kwa mnyamatayo, n'kusiya Chi-Chi, ana ake ndi Pan pabwalo la mpikisano. Ndimasangalala kuti ngakhale mdani amene analibe chabwino chilichonse mwa iye adapeza womulera, koma Chi-Chi akadandaula pamenepo ine ndili kumbali yake.